Honorine Ali Kuti Pachithunzipa?

Tsiku limenelo dzuwa ndi mitambo zinkangolandizana. Dzuwa likati liwale, mphepo yochokera kumtsinje wa Seine inkakankha mtambo n'kuliphimba, kenako n'kuuchotsanso ngati yasintha maganizo. M'munda wa kuseri kwa nyumba ya a Eustache Vauquelin, amene kale ankagulitsa nsalu m'tauniyo, munali anthu awiri okha: eni nyumbawo ndi mlamu wawo Théodule, wojambula zithunzi ndi utoto.

Akazi a a Eustache, a Honorine, anamwalira m'nyengo yozizira ya chaka chapitacho. Mwana wawo Apolline anali atagamula kale kuti maapozi akangothyoledwa, bambo ake asamukire kwa iye ku Rouen, m'chipinda cha pamwamba chimene zenera lake linkayang'ana khoma la eni ake. A Eustache sanatsutse. Anangopempha chinthu chimodzi choti akapachike m'chipindamo: chithunzi cha munda wawo, ndi masewera a kuroke amene iwo ndi akazi awo ankasewera pakapinga Lamlungu lililonse akachoka ku Misa, kumenya mipira yamtengo kuti idutse m'tizipata tawaya. Chithunzi cha a Honorine panalibe ngakhale chimodzi. Mayiwo anakana moyo wawo wonse kupita kwa wojambula ndi makina, ati amakupana mutu ndi chitsulo ngati ng'ombe yofuna kumwetsedwa mankhwala.

Théodule anali mlongo wamng'ono wa malemuwo. Sabata yonseyo anakhala akuwaimika alamu akewo pakapinga, nyundo yamtengo ili m'manja, osawalola kusuzumira pachinsalu chimene ankajambulapo. Tsikuli anawalola.

A Eustache anavala magalasi n'kuyang'ana nthawi yaitali. Kapinga analipo, ngakhale anali ndi mabanga achikasu ndi abuluu amene iwo sanawaonepo m'munda mwawo. Mtengo wa maapozi unalipo. Tizipata tinalipo. Chakumanzere kunali kamunthu kakuda kovala chipewa chaudzu.

"Honorine ali kuti?"

"Kumanda," anayankha Théodule, akupukutira burashi pathalauza.

"Ndikunena pachithunzipa."

"Pachithunzipa palibe manda, alamu. Manda ali kuseri kwa tchalitchi. Pano saoneka."

A Eustache anavula magalasi, n'kuwapinda, n'kuwavalanso.

"Ndinati munda ndi masewera."

"Munda ndi uwu. Masewera ndi awa."

"Kuroke sasewera munthu mmodzi."

"Inenso zimandidabwitsa. Koma sabata yonseyi ndakhala ndikuona munthu mmodzi."

Apo Théodule anafotokoza zimene ankafotokozera aliyense, ngakhale wosafunsa. Iye sajambula za m'mutu. Za m'mutu amajambula madoda a ku Paris, aja odzitsekera m'zipinda n'kumajambula angelo ndi mafumu achiroma amene sanakumanepo nawo. Iye ndi anzake anatulutsa zinsalu zawo panja, nalumbira kuti burashi izingotsata diso. Chimene kuwala kwagwerapo, chimenecho. Chimene palibe, palibe. Ankatero akuloza kumwamba ndi burashi, utoto wobiriwira ukudonthera pansapato yake.

A Eustache anadikira kuti amalize. Kenako analoza kamunthu kakuda kaja.

"Uyu ndine?"

"Ndinu."

"Nkhope yanga ndi madontho atatu."

"Anayi. Lapansili ndi ndevu."

"Ndiye Honorine mupatseni atatu. Analibe ndevu."

"Amtundu wanji?"

"A nkhope yake. Ndi mlongo wanu. Mwaiwala kale?"

"Sindinaiwale. Koma nkhope ya achemwali m'mawa inali ina, masana ina, pansi pa ambulera inanso. Mukufuna ya nthawi iti?"

"Ya Lamlungu."

"Lero ndi Lachinayi."

Mtambo unaphimba dzuwa. Théodule anaika burashi pansi, pakuti kuwala kukasintha sankakhudza chinsalu ngakhale pang'ono. Anakhala pansi, n'kunyema buledi ndi tchizi, ndipo ali m'kati motafuna anabweretsa ganizo. Anati ngati alamu akufunitsitsa kuti achemwali akhalemo, njira ilipo: azule tizipata tonse, anyamule mipira ndi nyundo, akazike kumanda. Kumeneko ndiye achemwali alipodi, ndipo mtanda wawo ndi woyera, umalandira bwino kuwala kwa madzulo.

A Eustache analiganizira ganizolo mofatsa, pakuti sanali munthu wokana chinthu asanachiyeze.

"Kumanda n'kotsetsereka," anatero pomaliza. "Mpira ungakathere pamanda a meya akale."

Analowa m'nyumba. Anatulukamo atanyamula mpando woluka umene akazi awo ankapumulirapo podikira nthawi yawo yomenya, n'kuuika pansi pa mtengo wa maapozi. Anatambasula ambulera yoyera ya malemuwo, n'kuimangirira kumpandoko ndi chingwe.

"Yambani ndi izi. Mwini wake abwera yekha m'burashimo."

Dzuwa linatuluka, ndipo Théodule anadzuka ali wokondwa. Anagwira ntchito mofulumira, lilime lili panja, akuyang'ana mpando, chinsalu, mpando, chinsalu. Atamaliza anabwerera m'mbuyo n'kuwakodola alamu ake. Mpandowo unali wokongola kuposa mmene unalili tsiku limene unagulidwa. Ambulera inkachita ngati ikuyaka.

"Pampandopo palibe munthu," anatero a Eustache.

"Zikomo, alamu. Ndiye kuti ndakhoza."

A Eustache anapita kumunda wa ndiwo. Anazula ndodo ya nyemba, n'kuimangirira mopingasa pamtengo wa leki yokokolera masamba, n'kuzika lekiyo pafupi ndi kachipata kapakati. Analowanso m'nyumba. Ulendo uno anachedwako. Anatuluka atafungatira diresi la Lamlungu la a Honorine, labuluu la mizere yoyera, ndi chipewa chawo chokhala ndi tizipatso tofiira tansalu m'mbali. Analiveka pa leki mosamala, namanga mabatani onse kuyambira pansi mpaka pakhosi, nawongola makwinya ndi chikhatho monga ankachitira ndi nsalu pamaso pa ogula. Anaika chipewa pamwamba, n'kupita kukakhala kumbali, manja atapinda.

Théodule anasakaniza buluu n'kuyamba.

Atawaitana kuti adzaone, a Eustache anaweramira pafupi mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda utoto.

"Ichi n'chiyani pamutu pa Honorine?"

"Khwangwala."

"Mufufuteni."

"Analipo. Inu munkasinza. Wakhala bwino kuposa anthu ambiri amene ndawajambulapo, sanagwedezeke n'komwe."

"Nanga manja bwanji atambasuka chonchi?"

"Ndi ndodo ya nyemba, alamu. Mwamanga ndinu."

"Akuoneka ngati choopsezera mbalame."

"Ngati n'choopsezera mbalame, ntchito yachikanika."

A Eustache anatola kamwala n'kugenda kumtengo kumene khwangwalayo anasamukira. Anaphonya.

Théodule anayesa kuwathandiza. Anati vuto si iye, vuto ndi diresi. Diresi lopanda munthu limalendewera mwa njira yake, ndipo kuwala kumadziwa kuti m'katimo mulibe kanthu. Pakufunika munthu wamoyo alowemo. Mayi Quesnel a pafupi apa, amasiye aja obweretsa msuzi Lachiwiri lililonse, msinkhu wawo ndi wofanana ndi wa achemwali, ndipo sangakane.

"N'chifukwa chake," anatero a Eustache. "Akalowa m'diresili sadzatulukamo."

Apolline anali kutali ku Rouen, komanso anali wowonda ngati bango. Mtsikana wochapa zovala ankaopa zinthu za anthu akufa. A Eustache anamuyang'ana mlamu wawo kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Mphuno yanu ndi yake. Chibwano chomwe."

"Nanga ajambule ndani?"

"Inu. Ndikugwirirani galasi loyang'anira."

"Ndiye ndiona mwamuna wovala diresi akujambula. Ndijambula zimenezo."

Mphepo inagwedeza manja a diresi pa ndodo ya nyemba, ngati likuwafunsa kuti amaliza liti. A Eustache anapita, namasula mabatani onse kuyambira pakhosi mpaka pansi, nalitenga diresilo ndi chipewa n'kulowa nazo m'nyumba, natseka chitseko.

Pamene chitseko chinatsegukanso, anayamba kutuluka ndi tizipatso tofiira. A Honorine anali mayi wathupi ndi wamtali, amuna awo anali aafupi ndi ouma, choncho diresi linawalowa popanda mkangano, ndipo mpendero wake unkasesa kapinga n'kubisa nsapato zawo zam'munda. Chingwe cha chipewa anachimanga pansi pa ndevu. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pakachipata kapakati, maso ali patsogolo.

"Mukaseka, mukagona kukhola la akalulu."

"Ndisekerenji? Buluuyu akugwirizana ndi kapinga kuposa jekete lanu lija. Sunthirani kumanja pang'ono. Kwezani chigongono."

Anaima. Théodule anajambula pang'ono, mtambo unabwera, analeka. A Eustache anafunsa ngati angakhale pansi, ndipo anauzidwa kuti ayi, makwinya a diresi angasinthe. Anaima choncho. Thukuta linayamba kuyenderera kumsana. Ntchentche yaikulu ya ng'ombe inawazungulira, inatera pakhosi, inaluma, inapita. Iwo sanaigwedezere ngakhale chala. Anaganiza za zenera la ku Rouen ndi khoma lake, n'kulimbitsa maondo.

Kunjira ya kuseri kwa mpanda kunkadutsa mayi wogulitsa mkaka, zitini ziwiri zili m'manja. Anasuzumira m'mundamo monga ankachitira masiku onse. Ataona diresi labuluu ndi chipewa cha tizipatso zili chilili pamalo pake penipeni, anaponya zitini pansi, anachita chizindikiro cha mtanda kawiri, n'kuliyatsa liwiro kulowera kutchalitchi.

"Mwaona?" anatero a Eustache, osatembenuza mutu. "Wamuzindikira."

"Ndaona mkaka ukutayika. Woyera wabwino kwambiri. Chisoni uli kunja kwa chithunzi."

Dzuwa linabweranso ndipo ntchito inapitirira. Patapita nthawi a Eustache ananyamula diresi m'mbali ndi zala, monga ankaonera akazi awo akuchitira pamatope, n'kubwera kudzaona. Ulendo uno zinali bwino ndithu. Diresi linali ndi munthu m'kati. Chipewa chinapendekeka mmene chinkapendekera. Pansi pa chipewa panali madontho.

Anawawerenga ndi chala.

"Honorine ali ndi ndevu."

"Zilipo."

"Ndi zanga."

"Ndiye mwabwera nazo chifukwa chiyani?"

Théodule anati lumo lili m'nyumba, ntchito ya kanthawi kochepa. A Eustache anati ndevuzo anayamba kuzisunga chaka chimene anakwatira, ndipo munthu yekhayo amene anali ndi ufulu wozidandaula sanazidandaulepo. Théodule anati ndiye zikhala pachithunzi. A Eustache anati sizikhala. Anakokanakokana choncho mpaka a Eustache anapita pampando paja, namasula ambulera, naigwira mopendeketsa kuti ibise nkhope yonse.

"Ndevu zikuoneka?"

"Ayi."

"Ndiye kulibe."

Théodule anaganiza pang'ono, n'kuvomera kuti pamenepo alamu anena zoona. Anapala ndevu zija ndi kampeni n'kuikapo ambulera.

Koma posakhalitsa anayambanso kung'ung'udza. Anati munthuyu waima ngati mzati. Ndodo ya nyemba ija inali ndi moyo kuposa pamenepa. Chithunzichi n'cha masewera, ndipo iye sakuona aliyense akusewera. Ngati alamu akufuna mayi wosewera kuroke, asewere.

A Eustache anatenga mpira wofiira, umene unali wa akazi awo nthawi zonse, n'kuuika pakapinga. Dzanja limodzi linali ndi ambulera, lina nyundo, ndipo kutsogolo sankaonako. Anamenya mwachiyerekezo. Mpira unagudubuka mokhota n'kukaima m'mbali mwa kachipata, pamalo oipa, poti ngakhale katswiri sakanaulowetsa ndi kumenya kumodzi. Anautsatira, anaima pamwamba pake, diresi linauphimba. Anatembenuka kuti afunse ngati ayambirenso, kenako anasuntha phazi limodzi kubwerera m'mbuyo.

Mpira unali kutsogolo kwa kachipata, pakati penipeni, wongofuna kukhudza.

"Imani pomwepo," anatero Théodule motsitsa mawu. Burashi inali itayamba kale kuthamanga. "Musapume. Tsopano ndawaona achemwali."

"Mwaona chiyani?"

"Mpira unalowera uku, watulukira uku."

"Ndi mphepo."

"Mphepoyi ikulephera kugwetsa chipewa chanu."

"Ndiye kapingayu ndi wopendekeka."

"Munasalaza nokha. Munandiuza katatu."

A Eustache anautola mpirawo n'kuubwezera pamalo oipa paja, kuti amuonetse. Anaima pamwamba pake, anatembenuka, anasuntha. Mpira unali kutsogolo kwa kachipata. Anauika mbali inayo. Anatembenukira kwina. Mpira unabweranso kutsogolo kwa kachipata, ngati galu wodziwa kwawo.

"Ndimo mmene ankachitira," anatero Théodule, maso ali pachinsalu. "Kungoti iwo ankatembenuka mofewa. Inu mukuchita ngati ngolo."

"Ankachitira chiyani?"

"Kukoka mpira ndi diresi."

Ananena ngati akunena kuti kunja kwatentha. Anaonjeza kuti zimenezi ankazidziwa aliyense. Mayi Quesnel ankadziwa. A dokotala, amene ankabwera kudzasewera nthawi zina, ankadziwa, n'chifukwa chake analeka kubwera. Ansembe ndiye osanena, pakuti achemwali ankakaulula Loweruka lililonse, ndipo achemwaliwo anamuuza okha Théodule zimenezi, kenako Lamlungu ansembewo ankabwera kudzamwa mowa wa maapozi n'kumaonera tchimo lomwelo likuchitikanso.

A Eustache anatseka ambulera. Ndevu zinali kunjenjemera pamwamba pa chingwe cha chipewa. Zimene analankhula pamenepo zinali zambiri kuposa zonse zimene analankhula chimwalirireni akazi awo. Anati Honorine anali ndi diso. Anali ndi dzanja. Chiyambireni masewerawa m'mundamu sanagonjepo, ndipo iwo ankanena zimenezi m'sitolo kwa aliyense wogula ngakhale kansalu kopukutira mphuno. Iwo eni ake ankadzuka m'mamawa kudzayeserera mobisa kuti tsiku lina adzamupose, osatheka, ndipo sankadandaula, chifukwa kugonja kwa katswiri si manyazi. Ndipo munthu amene wadya buledi wa m'nyumba muno sabata yonse, n'kujambula khwangwala pamutu pa mlongo wake, asayerekeze kumutcha wakuba.

"Sindinati wakuba. Mpirawo unali wawo."

"Bwezani mawu, apo ayi chinsalu chanuchi chikasambira mu Seine."

"Kwezani mpendero, alamu."

"Sindikweza diresi la mkazi wanga pamaso pa mwamuna."

"Muli ndi thalauza m'kati. Ndikuliona mukamayenda."

A Eustache anamufulatira. Anapita pampando woluka, anakhala, n'kupinda mpendero wa diresi pamaondo.

M'kati mwake munali mutasokereredwa chinsalu cholimba cha matanga a ngalawa, kuzungulira diresi lonse, chakutsogolo chopindidwa pawiri. Chinali chitaperepeseka mpaka kusalala, ndipo chinali chofiira. Utoto wa mpira unali utapakika pamenepo chaka ndi chaka, wina pamwamba pa unzake.

Anachikhudza ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, ndipo zala zinachizindikira mutu usanavomere. Anadula okha chinsalucho, m'sitolo mwawo. Honorine anati akufuna choteteza diresi kumatope a panjira ya kutchalitchi. Choyamba chimene anam'patsa anachibweza, ati n'chofewa. Iwo anakwera pamakwerero, natsitsa cholimba kuposa zonse, chimene ankagulitsa kwa eni ngalawa, ndipo anakondwa kuti ali ndi mkazi wodziwa kusamala zovala.

Mpendero unali udakali m'manja mwawo. Théodule anayamba kutsuka burashi imene inali yoyera kale.

"Nanga ine ndinkayang'ana kuti?"

"Kumwamba."

"Kukatani?"

"Ankati, Eustache, mtambo uwo si wa mvula? Inu n'kukweza mutu."

"Nthawi zonse?"

"Nthawi zina ankati mbalame."

A Eustache anadzuka. Anakokera diresi mpaka pachinsalu, n'kufunafuna magalasi m'thumba limene diresilo linalibe. Anawapeza pamphuno. Anayang'ana kamunthu kakuda ka kumanzere kaja, ka madontho anayi. Ulendo uno anaona kuti chipewa chaudzu chagwera kumbuyo, ndipo dontho la ndevu laloza kutsogolo m'malo moloza pansi.

"Bwanji ndayang'ana kumwamba apa?"

"Ndi mmene munkachitira. Sabata yonseyi, maso anu akangofika pakachipata kapakatiko, mumakweza mutu. Palibe amene amakuuzani. Ine ndinangojambula."

A Eustache anatulutsa kaphokoso kena kake m'mphuno. Théodule sanadziwe ngati n'kutsokomola, kuseka kapena china. Anangoona tizipatso ta pachipewa tikugwedezeka, ndipo tinagwedezeka nthawi yaitali.

Apo mtima wa Théodule unafewa, chinthu chimene sichinkachitika kawirikawiri dzuwa likadali kunja. Anayang'ana uku ndi uku ngati anzake a ku Paris abisala mumpanda, n'kunena monong'ona kuti aphwanya lumbiro lake, kamodzi kokha, bola asadzauze munthu. Achotsa ambulera. Ajambula nkhope ya achemwali kuchokera m'mutu, ya Lamlungu, madontho onse amene alamu akufuna. Mpira wofiira auika poyera, patali ndi diresi, kuti Apolline ndi ana ake ku Rouen adzaone mayi wosewera mwachilungamo. Ndipotu wauika kale, nawu apa, ndipo kadontho kofiira kamakongoletsa kapinga.

"Ayi," anatero a Eustache.

"Ndikukupatsani chimene mwakhala mukundivutitsira chim'mawa chija."

"Ambulera isiyeni. Fufutani mpirawo."

"Mpira sindingaufufute, alamu. Nkhope ndanena kuti ndinama, koma mpira ukuoneka. Uwo uli apowo."

A Eustache anabwerera pakapinga. Anayenda mofewa ulendo uno, osati ngati ngolo. Atafika pakachipata kapakati anatembenuka pang'ono, ndipo diresi linagwera pampira.

"Ukuoneka?"

"Ayi."

"Ndiye Honorine wafika. Fulumirani, mtambo uwo ndi wa mvula."

Théodule anakweza mutu. A Eustache anakokera mpira pakamwa pa kachipata ndi mpendero, anatambasula ambulera n'kubisa ndevu, ndipo anaima chilili mpaka dzuwa linaphimbika.